Moŵa wa Amisiri ndi Ophunzira a ku Koleji: Kodi Kulaŵa Nkosiyana ndi Kumwa?

M'midzi yambiri ya m'Malaŵi, moŵa ukapsa, mai amene wafulula ndiye amayamba kutunga pang'ono m'chikho ndi kulaŵa anthu onse akuona. Amatero pofuna kutsimikizira alendo kuti mumtsukomo mulibe choipa chilichonse. Akatha iye, mkulu wina amalandira chikhocho, naponya kukhosi, nanena ngati moŵawo wakoma, wasasa kapena sunafike. Kulaŵa kotere nkwa kamphindi chabe, ndipo palibe amene amakuŵerengera ngati kumwa.

Koma m'maiko ena, makamaka ku America, ku Britain ndi ku South Africa, kudabuka kulaŵa kwa mtundu wina kumene kwakopa achinyamata ambiri, pamodzi ndi ophunzira a m'masukulu a ukachenjede. Achinyamataŵa akaŵeruka m'kalasi amapita kumalo kumene amisiri amafulula moŵa wao pang'onopang'ono, naitanitsa kathabwa konyamula timatambula tinai kapena tisanu, kalikonse ndi moŵa wa mtundu wakewake. Amaununkhiza, amauyang'ana pa kuŵala, amakambirana za kakomedwe kake, ndipo ena amalemba m'kabuku zimene apeza. Akafunsidwa amayankha kuti iwo sakumwa ai, akungolaŵa. Azungu amautcha moŵa umenewu craft beer, ndiko kunena kuti moŵa wa amisiri. Popeza kuti mabanja ena a kumudzi ali ndi ana amene adapita kukaphunzira kumaikoko, ndiponso mwambo wa achinyamata suchedwa kuoloka nyanja masiku ano a mafoni, nkoyenera kuti makolo adziŵe bwino chimene chili m'timatambula timeneti.

Kumene mwambowu udachokera

Kuyambira mu 1920 mpaka mu 1933 boma la America lidaletsa kufulula ndi kugulitsa moŵa m'dziko lonse. Lamulolo litachotsedwa, makampani akuluakulu ndiwo adalanda msika, nameza anzao ang'onoang'ono chaka ndi chaka, kotero kuti pofika mu 1978 dziko lalikulu lonse lija linali ndi mafakitale a moŵa osafika 100. Pafupifupi onsewo ankafulula moŵa wofanana, woyera ndi wosaŵaŵa kwenikweni. M'chaka chomwecho cha 1978 Pulezidenti Jimmy Carter adasaina lamulo lolola munthu kufulula moŵa pakhomo pake, wakumwa yekha ndi banja lake, osati wogulitsa. Anthu ambiri adayamba kuyesa m'makhitchini mwao, ndipo ena mwa iwo, ataona kuti anzao akuuyamikira, adatenga ziphaso natsegula timafakitale.

Mmodzi wa iwo anali Ken Grossman, amene anali ndi kasitolo kogulitsa zipangizo zofululira moŵa m'tauni ya Chico, m'chigawo cha California. Mu 1980 iye ndi mnzake Paul Camusi adayamba kufulula moŵa wogulitsa m'matanki akale ochokera kwa alimi a mkaka, natcha kampani yao Sierra Nevada. Tauni ya Chico ndi tauni ya ophunzira, pakuti muli yunivesite yaikulu ya boma. Mu 1987 magazini ina idatchula yunivesiteyo kuti ndiyo yopambana onse m'dzikomo pa maphwando, ndipo m'chaka chomwecho akuluakulu a sukuluyo adathetsa chikondwerero cha pachaka chotchedwa Pioneer Days chifukwa cha chipolowe. Sikuti moŵa wa amisiri ndiwo udabala chipolowecho; mfundo ndi yakuti luso la ofulula ndi ludzu la ophunzira zidakulira m'bwalo limodzi. Pofika mu 2020 mafakitale a moŵa ku America anali atapitirira 8,000, ndipo ochuluka kwambiri anali ang'onoang'ono.

Ku Britain bungwe lotchedwa Campaign for Real Ale lidayamba mu 1971 pofuna kuteteza kafululidwe ka makolo ao, ndipo ku South Africa Lex Mitchell adatsegula kafakitale kake m'tauni ya Knysna mu 1983. Lero kufulula moŵa ndi phunziro lokhala ndi digiri yake m'mayunivesite ena, monga Heriot-Watt ya ku Edinburgh.

Kafululidwe kake

Mai wodziŵa kufulula masese sangadabwe kwambiri ataloŵa m'kafakitale ka amisiriŵa, pakuti ntchito yake imayambira pa chimera. Kusiyana kwake nkwakuti m'malo mwa chimanga, maŵere kapena mapira, iwo amameretsa balere. Mbeu ikamera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa wake kukhala shuga. Chimeracho amachiumitsa pa moto, ndipo kaumitsidweko ndiko kamapereka mtundu wa moŵa: choumitsidwa pang'ono chimapereka moŵa woyera, chokazingidwa kwambiri chimapereka moŵa wakuda bii, wonunkhira ngati khofi. Akachipera amachiviika m'madzi otentha pafupifupi madigiri 65 kwa ola lathunthu, kenaka amasefa madzi otsekemerawo ndi kuŵaŵiritsa ola linanso.

Pa nthaŵi yoŵiritsayi ndi pamene amathira chinthu chimene moŵa wa m'midzi ulibe, ndicho maluŵa a chomera choyanga chotchedwa hops. Chomerachi chimalimidwa kwambiri ku Hallertau m'dziko la Germany, ku chigwa cha Yakima ku America, ndiponso pafupi ndi tauni ya George ku South Africa. Maluŵaŵa ndiwo amapereka kuŵaŵa ndi fungo, komanso amaletsa tizilombo tina kuswana, motero moŵa umachedwa kusasa. Moŵa wina wokondedwa kwambiri ndi olaŵa, wotchedwa India pale ale kapena IPA mwachidule, udatchuka m'zaka za m'ma 1800 pamene ofulula a ku England ankautumiza ku India pa sitima za pamadzi, atauthira maluŵa ochuluka.

Madziwo akazizira amathiramo yisiti. Yisiti ndi tamoyo tating'onoting'ono timene timadya shuga ndi kutulutsa zinthu ziŵiri: mpweya wochititsa thovu, ndi chinthu choledzeretsa chimene madokotala amachitcha alcohol. Louis Pasteur wa ku France ndiye adasonyeza kuti kuŵira kwa moŵa ndi ntchito ya tamoyoti, ndipo mu 1883 Emil Christian Hansen, amene ankagwira ntchito m'nyumba yofufuzira ya Carlsberg ku Copenhagen, adapeza njira yopatula mtundu umodzi wa yisiti ndi kuuŵeta paokha. Kampani yomweyo ndiyo idatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, imene inali yoyamba yake kunja kwa Denmark. Lamulo la nkhaniyi ndi losavuta: shuga akachuluka m'madzi aja, yisiti amapanga alcohol wochuluka. Amisiri ambiri amathira chimera chochuluka kuti moŵa ukhale ndi kakomedwe kolemera, ndipo pamodzi ndi kakomedweko pamabweranso ukali.

Gawo lalikulu la ntchito ya mmisiri wabwino si kuphika ai, koma kutsuka. Matanki, mipope ndi mabotolo amatsukidwa ndi madzi otentha ndi mankhwala opha tizilombo nthaŵi iliyonse asanagwiritsidwenso ntchito. Ophunzira ena amayesa kufulula m'zipinda zao zogona ndi zidebe zosatsuka bwino. Chimene chimatuluka kaŵirikaŵiri ndi moŵa wosasa, kapena mabotolo ophulika chifukwa chotsekedwa shuga asanathe, ndipo magalasi ake amavulaza maso ndi manja.

Pa nkhani ya ukhondoyi pali phunziro loŵaŵa lochokera pafupi. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu adamwa moŵa wofululidwa pamudzi pochokera ku maliro, ndipo anthu 75 adamwalira, pamodzi ndi mai amene adaufulula. Poyamba kudamveka mphekesera zakuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Koma akatswiri atapima adapeza kuti ufa wa chimanga umene udagwiritsidwa ntchito unali utaonongeka ndi madzi, ndipo mudaswana kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamatulutsa ululu woopsa. Ululu umenewu sutha ndi kuphika, ndipo lilime silingauzindikire. Choncho kulaŵa kwa mwini moŵa, ngakhale kuli mwambo waulemu, sikungatsimikize kuti moŵa uli bwino. Chimene chimateteza ndi ufa wouma wopanda nkhungu, madzi abwino ndi ziŵiya zotsuka. Ufa umene wakanidwa kuti sungaphikidwe nsima usaloŵenso mu moŵa.

Masamu a m'timatambula

Olaŵa vinyo ali ndi chizoloŵezi cholavula akatha kulaŵa. Olaŵa moŵa satero, chifukwa amati kuŵaŵa kwake ndi kafungo kotsalira zimamveka bwino munthu akameza. Choncho dontho lililonse lolaŵidwa limafika m'mimba, ndipo thupi silidziŵa kuti ili ndi phunziro kapena phwando.

Ukali wa moŵa umalembedwa pa botolo kapena pa bolodi la m'nyumba yomwera, ndipo nambalayo imasonyeza magawo a alcohol pa magawo 100 aliwonse a moŵawo. Moŵa wamba wa m'mabotolo uli ndi magawo 5 kapena kucheperapo pang'ono. Botolo la mamililita 330 la moŵa wotere lili ndi magalamu 13 a alcohol. Koma moŵa wa amisiri umasiyanasiyana kwambiri. Ulipo wofatsa wa magawo 4, koma IPA wambiri ali ndi magawo 6 kapena 7, wina amafika 9, ndipo moŵa wina wakuda umafika 12. Fungo la zipatso ndi kutsekemera kwa chimera zimabisa ukaliwo, kotero kuti wakumwa sazindikira msanga.

Tsono kathabwa kaja kaŵerengedwe bwino. Katambula kamodzi kaŵirikaŵiri kamaloŵa mamililita 120 mpaka 150. Timatambula tinai ta mamililita 150, ta moŵa wa magawo 7, tili ndi magalamu 33 a alcohol, ndiko kunena mabotolo aŵiri ndi theka a moŵa wamba. Wophunzira amene walaŵa timathabwa tiŵiri wamwa zofanana ndi mabotolo asanu, chikhalirecho m'maso mwake wangogwira timatambula ta ana. Ndipo akapeza umene wamkomera naitanitsa tambula yaikulu ya mamililita 473, imene ndiyo muyeso wa ku America, ya moŵa wa magawo 9, tambula imodziyo ndi mabotolo ena aŵiri ndi theka. Ku Britain tambula yaikulu ndi ya mamililita 568. Munthu woŵerenga matambula m'malo moŵerenga ukali amadzinamiza yekha.

Kunena chilungamo, mwambo wolaŵawu uli ndi mbali ina yabwino. Munthu amene amamwa pang'onopang'ono, atakhala pansi, akudya chakudya, nalabadira kakomedwe, ali pabwino kuposa amene amagugudiza kachasu wosadziŵika ukali wake ndi cholinga choti aledzere msanga. Moŵa wa amisiri ulinso ndi nambala yolembedwa, imene kachasu alibe. Koma nambala imathandiza munthu amene waiŵerenga yekha.

Ulendo wa moŵa m'thupi

Alcohol sadikira kugayidwa monga nsima. Pang'ono amaloŵa m'magazi kupyolera m'chifu, koma wochuluka amaloŵera m'matumbo aang'ono, ndipo pakangopita mphindi zoŵerengeka amakhala atafika ku ubongo. M'mimba mukakhala chakudya, moŵa umachedwa kutsikira m'matumbo, motero ukali umakwera pang'onopang'ono. M'mimba mukakhala mopanda kanthu, umakwera mofulumira. Apa ndi pamene moyo wa wophunzira umamuika pangozi, pakuti ambiri amadumpha chakudya chamasana chifukwa cha makalasi kapena pofuna kusunga ndalama, nafika pa timatambula tija ali ndi njala.

Ntchito yochotsa alcohol m'magazi ndi ya chiŵindi, ndipo chiŵindi sichifulumizidwa. Chimatha kuchotsa magalamu 7 mpaka 10 pa ola. Wophunzira amene wayamba kulaŵa 8 koloko madzulo namaliza timathabwa tiŵiri, magazi ake amayera tambala atalira kale. Akaonjezapo tambula yaikulu ija, amaloŵa m'kalasi ya m'maŵa moŵa ukadali m'thupi. Khofi, madzi ozizira osamba, kuthamanga kapena kusanza sizichotsa alcohol amene waloŵa kale m'magazi. Khofi amangosandutsa woledzera wogona kukhala woledzera wopenya.

Pogwira ntchitoyi chiŵindi chimayamba chasandutsa alcohol kukhala chinthu china chotchedwa acetaldehyde, chimene chili ululu, kenaka nkuchiphwanyanso. Ululu umenewu umathandizira matsire a m'maŵa, ndipo pa zaka zambiri umaononga timinofu ta m'thupi. Chiŵindi chogwiritsidwa ntchito mopyola muyeso chimayamba kudzala mafuta, kenaka chimatupa, ndipo potsiriza chimauma ndi zipsera zimene sizipolanso. Atsikana ayenera kudziŵa kuti akamwa muyeso wofanana ndi wa anyamata, ukali umakwera kwambiri mwa iwo, chifukwa matupi ao kaŵirikaŵiri amakhala ocheperapo ndiponso ali ndi madzi ochepa osungunulira alcohol.

Moŵa ndi maphunziro

Mu 1993 Dr. Henry Wechsler wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake adafunsa ophunzira oposa 17,000 m'makoleji 140 a ku America za kamwedwe kao. Adapeza kuti ophunzira 44 pa 100 aliwonse anali atamwa mopyola muyeso m'milungu iŵiri yapitayo. Kupyola muyeso adakuŵerengera motere: zakumwa zisanu motsatizana kwa mnyamata, zinai kwa mtsikana. Ku America chakumwa chimodzi chimaŵerengedwa ngati magalamu 14, choncho malirewo ndi magalamu 70 kwa mnyamata ndi 56 kwa mtsikana. Timathabwa tiŵiri tija tili ndi magalamu 66. Mtsikana wolaŵa timeneti wadutsa kale malire, ndipo mnyamata waima pakhomo pake. Kafukufukuyo adasonyezanso kuti ovutika si okumwa okha, koma ndi anzao osamwa amene amasokonezedwa tulo ndi kuŵerenga, kunyozedwa, kapena kuchezera usiku wonse kusamala mnzao woledzera.

Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo mbali imene imatsiriza ndi ya kutsogolo, yothandiza kuganiza mofatsa ndi kudziletsa. Ophunzira ambiri a m'makoleji sadafike msinkhu umenewu. Nchifukwa chake m'mera mpoyamba: amene ayamba kumwa kwambiri akadali aang'ono ndiwo amagwa msanga m'chizoloŵezi chovuta kusiya. Ku America lamulo la 1984 lidachititsa kuti zigawo zonse ziike zaka 21 ngati msinkhu wogulira moŵa, pamene ku Britain, ku South Africa ndi ku Malaŵi msinkhuwo ndi zaka 18. Wophunzira wochokera kunja akaswa lamulo lotere akhoza kudziika m'mavuto ndi sukulu komanso ndi boma la dzikolo.

Moŵa umalimbana ndi ntchito yeniyeni imene mwana adapitira ku koleji, ndiyo kukumbukira. Zimene munthu waŵerenga masana zimakhazikika m'mutu usiku ali m'tulo. Moŵa umagonetsa msanga, nchoona, koma umaononga tulo ta maloto, ndipo wakumwayo amadzidzimuka pakati pa usiku nadzuka ali wotopa. Ukachuluka umatsekereza mbali ya ubongo imene imasunga zinthu zatsopano, kotero kuti munthu akhoza kuyenda, kulankhula ndi kulipira ndalama, koma m'maŵa mwake osakumbukira kanthu. Ophunzira ena amaseka zimenezi ngati nthabwala, chonsecho ndi chizindikiro chakuti ubongo udalandira muyeso woopsa. M'maola oiŵalikawo ndi m'mene mumachitika zinthu zimene munthu wadziŵa bwino kuzipewa ali bwinobwino: kugonana kosadziteteza, kumene kumadzetsa mimba zosayembekezera, matenda opatsirana pogonana ndi kachilombo ka HIV, ndewu, kukwera galimoto loyendetsedwa ndi mnzake woledzera.

Za ndalama nzosachita kufotokoza kwambiri. Moŵa wa amisiri ngwodula kuposa wamba, ndipo ndalama imene imagula kathabwa kamodzi ndi yomwe ija idatumizidwa kuti igule chakudya ndi mabuku, imene kumudzi idachokera pa thumba la mtedza kapena mbuzi yogulitsidwa.

Mnzake akakomoka

Pali ngozi imodzi imene wophunzira aliyense, wakumwa ndi wosamwa yemwe, ayenera kuidziŵa, ndipo imachitikanso pa mabwalo a moŵa a m'midzi. Munthu akamwa wochuluka pa nthaŵi yochepa, alcohol amafooketsa mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma. Ukali umapitiriza kukwera ngakhale munthuyo wasiya kumwa, chifukwa wina ukadali m'mimba. Zizindikiro zake ndi izi: munthu sadzuka ngakhale amgwedeze kapena kumuitana mokweza, amapuma pang'onopang'ono, kosafika kasanu ndi katatu pa mphindi, kapena amayamba waleka kupuma kenaka nkupumanso, khungu limazizira, milomo ndi zikhadabo zimasintha mtundu, amasanza ali chigonere osadzuka, mwina amagwidwa ndi khunyu.

Munthu wotere asasiyidwe yekha kuti agone moŵa uthe. Ambiri amene adafa motere adafa atatsamwa ndi masanzi ao, anzao akuyesa kuti ali m'tulo. Agonekedwe chammbali, bondo lapamwamba litapindidwa kuti asagubuduke, mutu utapendekera kumbuyo pang'ono kuti njira ya mpweya itseguke ndiponso masanzi azitulukira kunja. Afunditsidwe chofunda. Asapatsidwe khofi, chakudya kapena madzi pamene sali maso, asakakamizidwe kusanza, ndiponso asathiridwe madzi ozizira. Wina akhale naye pafupi akumuyang'ana kapumidwe, pamene wina akuitana thandizo kapena kufuna choyendera chopita ku chipatala. Achinyamata ambiri amazengereza poopa kudzudzulidwa ndi aphunzitsi kapena makolo. Chidzudzulo chimaiŵalika pakapita masiku, ndipo achipatala ntchito yao ndi kupulumutsa, si kuŵeruza.

Kodi ulipo muyeso wabwino?

Kale kunkamveka mau akuti tambula imodzi pa tsiku imalimbitsa mtima. Kafukufuku wa zaka zaposachedwapa wafooketsa chikhulupiriro chimenechi. Mu 1988 bungwe la dziko lonse lofufuza za khansa lidaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, gulu lomwenso muli fodya. Khansa zake ndi za m'kamwa, kukhosi, kummero, chiŵindi, matumbo aakulu ndi maŵere a amai. Mu Januwale 2023 Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse lidanena poyera kuti palibe muyeso wa moŵa umene ungatchedwe wopanda chiopsezo, ndipo lipoti lake la 2024 lidati moŵa udadzetsa imfa za anthu 2.6 miliyoni m'chaka cha 2019. Alcohol wa m'moŵa wa amisiri ndi yemweyo wa m'masese, m'vinyo ndi m'kachasu. Balere wabwino ndi maluŵa onunkhira sizimchotsa ululu wake.

Kwa akuluakulu amene asankha kumwa, madokotala a boma la Britain adalangiza mu 2016 kuti mwamuna kapena mkazi asapyole magalamu 112 pa mlungu, ndiko kunena mabotolo 8 kapena 9 a moŵa wamba, ndipo asamwe onsewo tsiku limodzi koma aŵagaŵe pa masiku atatu kapena kuposa, nakhalanso ndi masiku osamwa konse. Umenewu si muyeso woti munthu azilimbikira kuukwanitsa. Ndi malire ochepetsa ngozi.

Koma alipo ena amene sayenera ngakhale kulaŵa komwe. Mai woyembekezera asamwe konse, pakuti alcohol amadutsa kufika kwa mwana m'mimba naononga ubongo wake kwa moyo wonse. Woyendetsa galimoto, njinga yamoto kapena njinga yakapalasa asamwe. Odwala chifuwa chachikulu amene ali pa mankhwala apewe moŵa, chifukwa mankhwala monga isoniazid amalemetsa kale chiŵindi. Amene apatsidwa metronidazole amalangizidwa kusamwa pa nthaŵi yonse ya mankhwalawo ndi masiku aŵiri kapena atatu atamaliza. Odwala khunyu, matenda a chiŵindi, zilonda za m'mimba ndi matenda a maganizo afunse dokotala. Amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo akumbukire kuti kuledzera kumaiŵalitsa nthaŵi ya mankhwala. Komabe ngati munthu wamwa moŵa, asadumphe mankhwala ake pa chifukwa chimenecho, amwe ndithu monga mwa masiku onse, nakafotokoze kwa achipatala.

Mbali ya makolo

Mwana wa ku koleji ndi wamkulu, ndipo sangalonderedwe ali kutsidya kwa nyanja. Komabe mau a makolo amakhala m'khutu nthaŵi yaitali kuposa m'mene ana amavomerezera. Nthaŵi yabwino yokambirana ndi mwana asananyamuke, ndiponso m'milungu yoyambirira atafika, pakuti ndi pamene amafuna mabwenzi ndipo amavomera chilichonse poopa kusekedwa. Kukalipa kokha kumangophunzitsa mwana kubisa. Kholo kapena malume amene afunsa modekha kuti Loŵeruka amalithera kuti, anzake ndani, ndipo amabwerera bwanji usiku, amamva zambiri kuposa amene ayamba ndi chiopsezo. Ndipo bambo amene amabwera kunyumba akudzandira adziŵe kuti phunziro lake mwana adalilandira kale.

Zizindikiro zakuti zinthu sizili bwino zimaoneka ngakhale patali: kupempha ndalama kaŵirikaŵiri popanda chifukwa chomveka, kutsika kwa zotsatira za mayeso, kusoŵa pa foni masiku angapo, kupsa mtima akafunsidwa za moŵa. Wophunzira mwini wake adzifunse ngati adayesapo kuchepetsa nalephera, ngati amafuna wochuluka kuposa kale kuti amve kanthu, kapena ngati amafuna kumwa m'maŵa kuti manja aleke kunjenjemera. Makoleji ambiri ali ndi chipatala chao ndi alangizi amene amasunga chinsinsi. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa akhoza kugwidwa ndi khunyu kapena kusokonezeka mutu. Asiye mothandizidwa ndi achipatala.

Kwa wophunzira wamkulu msinkhu amene wasankha kupita kokalaŵa, njira zochepetsa ngozi nzodziŵika. Ayambe wadya chakudya chokhutitsa. Aŵerenge nambala ya ukali asanaitanitse, nasankhe wa magawo 4 kapena 5. Kathabwa kamodzi agaŵane ndi mnzake, azimwa madzi pakati pa timatambula, ndipo adziikire malire asanachoke kuchipinda kwake, osati atafika pakati pa anzake. Njira yobwererera ikonzedwe kukadali koyera. Usiku wotsogolera mayeso kapena kalasi ya m'maŵa si usiku wolaŵa. Amisiri ambiri tsopano amafululanso moŵa wochotsedwa ukali, wosapyola theka la gawo limodzi pa 100, umene uli ndi fungo ndi kuŵaŵa kwa maluŵa aja, ndipo ku America kampani ya Athletic Brewing, imene idayamba mu 2017, imafulula wotere wokhawokha. Wophunzira wofuna kukhala pamodzi ndi anzake akhoza kuitanitsa umenewo, monga momwe mlendo wosamwa amalandirira chikho cha thobwa pabwalo pamene ena akumwa masese. Amai oyembekezera ndi anthu amene akulimbana ndi kusiya moŵa ayambe afunsa achipatala asanayese ngakhale umenewu.